Mwana wa Dzandi

1

Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye musayembekezere mawu osalala. Ntchito yanga ndi kuchapa ndi kusita nsalu za pabedi kuhotela, ndipo pakamwa panga pamawotcha ngati simbi yomweyo. Anthu akuti ndinachititsa manyazi nkhalamba pamaso pa alendo. Eya, ndinachitadi. Akuti ndinathetsa ukwati wa mwana wanga. Izonso sindikana. Koma poti aliyense nkhaniyi akuigwira kumchira, lero muimve kuyambira kumutu.

Mwamuna wanga anali wopenta nyumba. Anthu ankamutcha Dzandi chifukwa cha mayendedwe ake. Ankakweza mawondo ngati akuwoloka madzi, phazi n'kumamenya pansi kuti phwa, phwa. Pamalo osalala bwinobwino iye ankapunthwa. Mabatani a malaya ankalimbana nawo ngati mwana. Amene anayambitsa zoti ndi mowa anali mayi ake omubereka.

"Mwana wangayu anali bwinobwino," ankatero apongozi anga. "Botolo walidziwira m'nyumba mwako, make mwana."

Fungo la mowa ine sindinalimvepo pa iye. Ndinkanunkhiza malaya ake ngati galu, ndinkafufuza kuseri kwa zitini za penti, koma osapeza kanthu. Nanga munthu akamadzandira tsiku ndi tsiku, mayi ake akuti ndi mowa, mwiniwake n'kungozolika osakana, iwe ungaganize chiyani? Ndinkati amamwa mochenjera.

M'mawa wa tsiku lake lomaliza kapu inamupulumuka m'manja n'kusweka.

"Chidakwa iwe!" ndinakuwa. "Dzuwa silinakwere wayamba kale?"

Anandiyang'ana, anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anatola zidutswazo yekha, ananyamula maburashi ake, n'kutuluka. Masana anzake anabwera kudzandiuza kuti phazi laphonya pa makwerero, wagwa kuchokera pamwamba. Pamaliro anthu ankanong'onezana mawu amodzi okha, mowa.

Anandisiyira mwana mmodzi, wamkazi. Bambo ake ankamutcha Kamphepo chifukwa kuyenda sankakudziwa, ukamutuma ankangoliyatsa liwiro.

2

Kamphepo anakula, anapeza ntchito pakauntala m'sitolo ya zipangizo zomangira, koma liwiro lija silinamuchoke. Analowa gulu la anthu othamanga m'mawa asanapite kuntchito. Maso ake anali pa mpikisano waukulu uja wozungulira mzinda wonse, wa makilomita opitirira makumi anayi. Anali ndi chibwenzi, mphunzitsi waulemu wake, amene ankamutsatira pa njinga atanyamula botolo la madzi. Za ukwati zinali zitayamba kukambidwa.

Apongozi anga zothamangazo ankadana nazo koopsa. Muwadziwe mayi amenewa. Chikwatiwire changa sindinawaonepo ataimirira kudzandilandira. Nthawi zonse unkawapeza pampando waukulu pafupi ndi windo, bulangete pamiyendo ngakhale kutenthe chotani, akulamula ana awo aakazi awiri, alamu anga. Ankati ndi nyamakazi. Ine ndinkati ndi matama.

"Mtsikana woti akwatiwa azithamanga mumsewu, miyendo pamtunda, ngati waba chinthu?" anandiuza. "Muletse. Anthu amayang'ana."

Ine sindinamuletse. Chilichonse chowanyansa iwo chinkandisangalatsa.

Lamulungu lina anabwera kothamanga, thukuta kamukamu, akuseka. Anavula nsapato pakhomo n'kulunjika kukhitchini. Nditayang'ana pansi ndinaona zidindo zofiira, phazi limodzi lokhalokha, kuchokera pakhomo mpaka pampopi.

"Iwe, taima! Watani kuphaziko?"

"Kuphazi kuti?"

Sokosi inali yonyowa ndi magazi. Nditatembenuza nsapato ndinapeza kamsomali katabowola mpaka mkati.

"Wathamanga nako kuchokera kuti kameneka?"

"Kaya, Amayi. Sindinamve chilichonse."

Ndinamukhazika pansi, ndinaika phazi lake pamwendo panga. Chikulire chake ndinali ndisanawayang'anitsitse mapazi amenewo. Pakati panali potukuka ngati uta, zala zopindika ngati za nkhuku, akatumba owonda ngati botolo lozondotsa. M'mawondo munali zipsera zokhazokha.

"Ndimangopunthwa," anatero. "Misewu yake ndi yoipa."

Mapazi amenewo ndinkawadziwa. Ndinagona nawo bedi limodzi zaka zambiri.

3

Kuchipatala tinapeza dokotala wamkazi, wosathamanga polankhula. Anamugogoda m'mawondo ndi kanyundo ka labala, anamubaya ndi kasingano kuzala, anamulumikiza mawaya m'miyendo. Kenaka anatifotokozera mwa njira yoti ngakhale ine ndimve.

"Mitsempha imene imanyamula uthenga pakati pa mutu ndi mapazi ili ngati mawaya a magetsi. Yake ikutha pang'onopang'ono, kuyambira kunsonga. N'chifukwa chake phazi likugwa, komanso sakumva kuwawa. M'tsogolo zikhoza kufika m'manja. Mankhwala ochiza palibe, koma anthu amakhala nawo mpaka kukalamba. Kawirikawiri ndi matenda a kumtundu, munthu amatengera kwa kholo limodzi."

Anandiuza kuti nanenso ndivule nsapato. Atangondigunda ndi kasingano kaja ndinalumpha.

"Mayo! Mukufuna kundipha?"

"Inu muli bwino," anaseka. "Nanga bambo ake?"

"Anamwalira. Anali chidakwa."

"Ankayenda bwanji?"

Ndinaimirira, ine wopusa, n'kuyamba kumuyeseza mwamuna wanga m'chipinda muja. Mawondo m'mwamba, phwa, phwa. Dokotala sanasekenso.

"Mayi, mowawo munawaonapo akumwa?"

Ndinakhala pansi. Iye anati sanganene motsimikiza za munthu amene sanamupime, koma ndikafunse abale a kuchimuna ngati alipo wina woyenda chomwecho.

Kamphepo funso lake linali limodzi basi. "Adokotala, ndithamanga?"

"Sindikuletsa. Tikupatsa zochirikiza za pulasitiki zolowa munsapato, zogwira phazi kuti lisamagwe. Uziwonjezera mtunda pang'onopang'ono, ukatopa uzipuma. Koma umvetsetse ichi. Mapazi ako sadzakuuza akavulala. Chilonda chikhoza kuwola iwe osadziwa. Ukabwera kothamanga, munthu wina aziwayang'ana, pansi, pakati pa zala, paliponse."

Tili m'basi ndinati, "Zothamangazi uzisiye."

"Amayi, mwamva nokha kuti mwina tsiku lina ndidzayendera ndodo. Ndiye mukufuna ndiyambiretu kukhala pansi lero?"

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka maso a mapazi ake. Akangolowa, beseni, sopo, kansalu, phazi pamwendo panga.

4

Ndinapita kwa apongozi ndi mtima wabwino, Mulungu ndi mboni. Ndinkati mwina akumbukira wina wa kwawo. Mlamu wanga wamkulu anandipatsa tiyi wongophula kumene, ine n'kukhala pakampando pafupi ndi miyendo ya mayi ake. Ndinafotokoza zonse.

"Kumtundu kwathu kulibe zimenezo," anatero apongozi, maso ali pawindo.

"Koma Amayi, mayendedwe a malemu aja..."

"Unali mowa. Iwe wemwe unkanena, dera lonse likumva."

"Adokotala akuti amatengera kwa kholo. Ine andipima, ndilibe."

Apa anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ngati si za kwanu, ndipo si za kwathu, ndiye dzifunse wekha kuti mwanayu unamutenga kuti. Kuhotela kumagona amuna ambiri, make mwana."

Kapu ya tiyi inandipulumuka m'manja n'kugwa. Zimene ndinaona kapuyo itagwa ndikuuzani nthawi yake ikakwana. Ndinatuluka osatsanzika.

Bodza limathamanga kuposa Kamphepo. Posakhalitsa anzanga ochapa ankasiya kulankhula ndikalowa. Linafika kusitolo, linafika kwa mayi a mphunzitsi uja. Ndiye tsiku lina mwana wanga anabwera kothamanga, ine nditakonza kale beseni, iye n'kuima pakhomo osavula nsapato.

"Amayi, ndiuzeni zoona. Bambo anga ndani?"

Dzanja langa linakwera lokha. Sindinamumenye, koma anaona.

"Ukundifunsa ine zimenezo? Ine amene ndinaika bambo ako m'manda ndili ndi diresi limodzi?"

"Agogo anganame chifukwa chiyani? Apindula chiyani?"

Anadutsa beseni lija n'kukadzitsekera kuchipinda. Kuchokera pamenepo mapazi ake sindinawaonenso. M'nyumba ankayenda ndi masokosi, ndipo ankachapa yekha n'kuyanika mkati. Ine ndinkamva kutsekuka kwa chitseko m'mawa, phwa, phwa mpaka kukhota, n'kumadzifunsa kuti munsapato mwake muli chiyani lero.

5

Mphunzitsi uja anandipeza kukhomo la kuseri kwa hotela, kumene timayanika matawulo. Ankapotokola chipewa m'manja.

"Amayi, ine mwana wanu ndimamukonda. Za miyendozo sindikuziopa. Koma amayi anga akuti sangalandire mtsikana wosadziwika bambo ake. Akufuna mabanja onse akhale pansi, amve kuchokera kwa agogo eniake."

"Nanga iwe ukuti chiyani?"

"Ine ndikungofuna mtendere."

"Mtendere ndi bulangete, mwana wanga. Umafunditsa zambiri."

Sanamve chimene ndinkatanthauza. Mabanja anagwirizana zokakumana kunyumba kwa apongozi, poti iwo satuluka.

Masiku amenewo ndinkasita nsalu mpaka kuzipsereza. Ndinali ndi chinthu m'manja, ndipo ndinkadziwa kuti n'chakuthwa konsekonse. Ndikakhala chete, mwana wanga akhala wopanda bambo, ine hule, ndipo mapazi ake aziwola m'masokosi chifukwa sakufuna kuti ndimukhudze. Ndikalankhula, sindinkadziwa kuti chigwa n'chiyani. Musandinamizire kuti sindinaganize. Ndinaganiza mpaka mutu kuwawa.

6

Pabalaza panadzaza. Mphunzitsi, mayi ake, amalume ake, alamu anga awiri, Kamphepo pakona atazolika, ndi ine. Apongozi anali pampando wawo, atafunda bulangete latsopano lamaluwa. Analankhula mokoma ngati akupemphera.

"Mwanayu tamulera ngati wathu, ndipo sitimutaya. Koma pa nkhani ya magazi sitinganame. Matenda amenewa m'nyumba muno mulibe. Zotsalazo akudziwa ndi mayi ake."

Mayi a mphunzitsi anagwedeza mutu mwachisoni. Ine ndinaimirira.

"Amayi, alendo abwera kwanu. Taimirirani muwapatse moni wa m'manja."

"Ukudziwa kuti ndili ndi nyamakazi."

"Nyamakazi imawawa, si choncho? Ndiye tamverani inu alendo. Tsiku limene mayi awa ananditcha hule, ndinagwetsa tiyi wowira. Yense anathera paphazi lawo, limene linasuzumira kunja kwa bulangete. Sokosi inkafuka nthunzi ine ndikuona. Iwo anapitiriza kunditukwana, osaphethira n'komwe. Munthu wa nyamakazi akanakuwa mpaka kumsewu."

"Mutulutseni uyu!" anakuwa mlamu wamkulu.

Anachedwa. Ndinagwira bulangete lija n'kulikoka kamodzi. Ndinagwada, ndinavula sokosi. Aliyense anaona. Miyendo yowonda ngati ndodo, phazi lotukuka ngati uta, zala zopindika. Pamwamba pake panali chilonda cha moto chomangidwa ndi kansalu, chitayamba kununkha.

"Kamphepo," ndinatero, "bwera udzaone phazi lako."

Sanasunthe, koma maso ake anali pomwepo. Mlamu wamng'ono ndinamuona akukokera mapazi ake pansi pa mpando.

Ndinkayembekeza kuti apongozi akana. Sanakane. Anayamba kulira kwaukali, akumenya pampando ndi manja amene tsopano ndinaona kuti nawonso ndi ofota.

"Ndinali ndi ana aakazi awiri oti akwatiwe! Ndani akanawatenga? Uchidakwa ndi manyazi a munthu mmodzi, matenda a kumtundu ndi a nyumba yonse. Ndinamupempha mwana wanga, iye anavomera. Anavomera yekha!"

Ndiye kuti Dzandi ankadziwa. M'mawa uja atatsegula pakamwa n'kutsekanso, ankadziwa. Anasenza dzina la chidakwa m'nyumba mwake momwe, pamaso pa mkazi wake, kuti alongo ake apeze mabanja. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ine ndinkathandiza kutseka unawo.

"Ndipo lero mumafuna mdzukulu wanu asenze dzina la mwana wa m'chigololo," ndinatero. "Mukwirira angati, Amayi?"

Mayi a mphunzitsi anali atanyamula kale chikwama.

"Ndiye kuti zimayenda m'magazi," anatero. "Agogo, bambo, mwana. Nanga adzukulu anga?"

Anatuluka, amalume pambuyo. Mphunzitsi anaima pakhomo, anayang'ana Kamphepo, anayang'ana kunja. Mayi ake ataitana kachiwiri, anapita.

Tili panjira mwana wanga analankhula kamodzi kokha.

"Mwandibwezera bambo, mwandilanda mwamuna. Mwakhuta?"

7

Mpaka tsiku la mpikisano sanandilankhule. Beseni ndinkaliika pakhomo, iye n'kumalilambalala. M'mawa wa tsikulo anatuluka osatsanzika. Ine ndinalongedza madzi, sopo, kansalu ndi bandeji m'jumbo, n'kukaima pamsewu cha kumapeto, pamene pali chitunda.

Oyamba anadutsa ngati sakuponda pansi. Kenaka chikhamu. Kenaka mmodzimmodzi, ena akuyenda, ena atagwira m'nthiti. Kenaka msewu unangoti zii, anthu n'kuyamba kubalalika. Dzuwa linali litakwera. Ndipo ndinamva, ndisanamuone. Phwa, phwa. Zochirikiza zija zinkathandiza, koma miyendo ikatopa mayendedwe a bambo ake ankabwerera onse. Ankabwera yekha, akudzandira, popanda njinga pambali pake.

Bambo wina amene anatsamira pampanda anakuwa. "Achemwali, mwayamba m'mawa bwanji? Tigawireniko botololo!"

Anthu anaseka. Ine sindikudziwa kuti ndinafika bwanji pamaso pake.

"Tseka pakamwa pako ponunkhapo! Ameneyo ndi mwana wa Dzandi wopenta nyumba! Bambo ake sanalawepo mowa chibadwire, ndipo uyu wathamanga mtunda umene iwe sungauyende ngakhale akulonjeze ng'ombe!"

Mawu amenewo ndinayenera kuwakuwa pamaliro. Ndinawakuwa pamsewu, kwa munthu wosamudziwa.

Pomwepo nsonga ya nsapato inakola phula, Kamphepo n'kugwa chafufumimba. Ndinathamanga.

"Musandigwire!" anakuwa. "Mukandigwira andichotsa mumpikisano!"

Ndinaima manja ali m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi. Kudzuka kwa munthu wa mapazi otero si masewera. Anagwada, anatsamira manja, phazi linakana, anayesanso. Bondo likuchucha magazi. Ataimirira sanandiyang'ane, anangoyambanso kukwera chitunda.

Ndinadutsa njira yachidule, jumbo m'manja. Pomalizira ndinapeza akuchotsa zotchinga, oimba atalongedza kale, magalimoto atayamba kulowa mumsewu. Panatsala akuluakulu ochepa ndi anzake a gulu lija, amene anakana kuchoka. Kamphepo atatulukira pakona, iwo anayamba kukuwa dzina lake. Anadutsa mzere uja akukoka mwendo, wina n'kumukoleka mendulo m'khosi.

Sanapite kwa anzakewo. Anayenda mpaka pamene ndinaima, anakhala m'mphepete mwa msewu, n'kutambasulira mwendo kwa ine.

"Vulani," anatero. "Ine sindikumva kanthu."

Ndinagwada paphula lotentha. Ndinamasula zingwe, ndinachotsa pulasitiki ija. Sokosi inali itamatirira. Chikhadabo chimodzi chinali chitazuka, ndipo pansi pa kakolo panali chilonda chakale, chozama, cha masiku onse aja ankandibisira. Ndinafuna kumukalipira. Ndinameza. Ndinathira madzi pang'onopang'ono.

"Amayi," anatero, akuyang'ana kumbali, "bambo ankamva kuwawa?"

"Kumapazi ayi," ndinayankha. "Kwina konseko ankamva."

8

Inu owerenga, mwina mukudikira kuti ndinene kuti zonse zinatha bwino. Sizinathe bwino. Mphunzitsi sanabwerere. Apongozi chilonda chija chinawagoneka m'chipatala, ndipo alamu anga akuti ndi ine ndinawawotcha dala. Sitilankhulana. Chilonda cha Kamphepo chinatenga nthawi kuti chipole, ndipo adokotala anamukalipira m'malo mwanga. Tsopano wayambiranso kuthamanga, mitunda yaifupi. Sabata yatha ndinamuona akulimbana ndi batani la bulauzi. Ndinatembenuka kuti asaone nkhope yanga.

Ena andiuza kuti ndikapepese kwa apongozi. Sindipita. Bulangete lija likanakhala pano ndikanalikokanso. Munthu amene ndikufuna kumupepesa sangandimve, ndipo kapu imene ndinamutukwanira inali yotchipa, ya mumsika.

Ndikuuzeni chimodzi, ine wosaphunzira. M'nyumba mwanu mukakhala munthu wodzandira, wogwetsa zinthu, wopunthwa posalala, musathamangire kumupatsa dzina. Mukhazikeni pansi, muvuleni nsapato, muyang'ane. Ndipo inu amene mukusunga matenda a kumtundu pansi pa bulangete kuti ana anu akwatiwe, dziwani kuti chimene mwabisacho chikatulukira mwa mdzukulu, iye adzalipira osadziwa mlandu wake.

Mlamu wanga wamng'ono ali ndi ana awiri. Dzulo anandiimbira foni koyamba chichitikire zija. Sanandipatse moni. Anangofunsa kuti dokotala uja amapezeka masiku ati.

Ndasiyira pomwepa, chifukwa ndamva phwa, phwa pakhonde, ndipo madzi a m'beseni ayamba kuzizira.